Chingamu cha kusikelo, ndi zina zomwe zikumveka kwa Njewa

Magetsi anathima cha m'ma 9 koloko m'mawa, chigayo cha pa Mpingu n'kungoti zii, matumba ali ndandanda mpaka pakhonde. Palibe anachoka. Wochoka pamzere wa pachigayo amadzayambira kumbuyo, choncho aliyense anakhalira thumba lake, amayi n'kutsitsa ana kumsana. Pagulupo mwamuna ndinali ndekha, poti amayi anga anandituma ndi njinga, ndipo ndinati ndingokhala chete ngati mkamwini wofika dzulo. Koma pamene pakhala amayi khumi ndi awiri opanda chochita, wailesi siifunika. Nkhani inayambira pa mtengo wa feteleza, inadzera kwa mwana wa ujeni amene wabwerako ku Joni wopanda ngakhale bulangete, kenaka inagwera m'zachipatala, ndipo m'menemo sinatulukemonso.

Anaiyambitsa ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, amene mchemwali wake amakhala ku Area 25. "Mwamva kuti masiku ano wapakati azitafuna chingamu? Akuti ndi mankhwala." Agogo ena amene anakhala chakukhomo, kabotolo ka fodya wamphuno kali m'manja, anadzidzimuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Chingamu? Nanga mwanayo adzatuluka bwanji, poti chija chimamata?" Iwo anakulira m'malamulo a anamkungwi: wapakati asadye mazira kuopa mwana wopanda tsitsi, asaime pakhomo kuopa kuti mwana naye adzaima panjira, asavale mkanda m'khosi kuopa kuti mchombo udzamukulunga. Chingamu pamndandandawo panalibe, chifukwa palibe ankaganiza kuti mkazi wolangidwa angachiike m'kamwa n'komwe. Chinali cha atsikana a patauni, aja otafuna uku akulankhula ndi apongozi.

Chodabwitsa n'chakuti mayi wa zitumbuwa uja sanapeke. Kuyambira mu 2015 mpaka 2018, madokotala a ku Baylor College of Medicine ya ku Texas, motsogozedwa ndi Dr Kjersti Aagaard, pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, analemba amayi 10,069 m'zipatala zisanu ndi zitatu za mu Lilongwe ndi madera ozungulira. M'zipatala zonsezo amayi ankaphunzitsidwa kusamala m'kamwa ndiponso za kubereka masiku asanakwane. M'zinayi zokha ndimo ankawonjezerapo chingamu choti azitafuna tsiku ndi tsiku. Zotsatira zinalengezedwa mu February 2022. Kumene kunalibe chingamu, amayi 165 pa 1,000 alionse anachira masiku asanakwane. Kumene kunali chingamu anali 126.

Ofufuza amaganiza kuti chinsinsi chili m'nkhama. Chiseyeye, matenda aja otupitsa nkhama n'kumasiya magazi pa chimanga chootcha kapena pa nzimbe ukaluma, chimayamba ndi tizilombo tobisala m'mphepete mwa mano. Madokotala anaona kalekale kuti amayi a chiseyeye amachira msanga kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo amaganiza kuti tizilomboto, kapena kutupa kumene timayambitsa, kumayenda ndi magazi mpaka kukafika pa nsengwa. Chingamu cha kafukufukuyo sichinali cha shuga. Chimene chinkachitsekemeretsa ndi xylitol, amene pa lilime amakoma ngati shuga koma tizilombo ta m'kamwa sitipezamo chakudya. Tikasowa chodya timachepa.

Nkhaniyi ndinaifotokoza pachigayopo monga ndalembera apamu, kungochotsa mayina a chizungu. Ndinaonjeza kuti si nthabwala kwa ife, chifukwa lipoti la mu 2012 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane: 18 pa 100 alionse. Aliyense pamzerepo anali ataonapo kamwana ka miyezi isanu ndi iwiri katamangidwa pachifuwa cha mayi wake m'chipinda cha kangaroo, kakupuma ngati kambalame. Ndipo kumudzi mankhwala a dzino ndi amodzi, kuzula. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala akuluakulu a mano mu 2019. Kutsuka nkhama za mayi aliyense woyembekezera kwa dokotala ndi maloto. Chingamu munthu amachinyamula pa mfundo ya chitenje.

Apa ndinene maganizo anga, poti pachigayo sindinapatsidwe mpata. Zipatala zisanu ndi zitatu n'zochepa. Zikagawidwa pawiri, mwina zinayi zinazo zinali kale ndi anamwino achangu kapena amayi odya bwino, ndipo aliyense ankadziwa amene akutafuna ndi amene sakutafuna. Ofufuzawo nawonso anati pafunika kuyesanso. Ndiye amene akuti chingamu chalowa m'malo mwa sikelo akunama. Koma amene akuti ndi zachibwana nayenso sanawerenge.

Mnyamata wa pa okala yoyang'anizana ndi chigayo anali atamva zonse. Posakhalitsa anatulukira ndi botolo lake la chingamu cha mitundumitundu, akuitanira kuti "cha apakati chafika." Anamubweza ndi mayi wa zitumbuwa yemweyo. "Achimwene, chanucho ndi shuga yekhayekha. Chimenecho n'chothandiza wozula mano."

Kuchoka pa chingamu, mtsikana wina wa mwana mmodzi anasolola kabuku ka kusikelo m'chikwama, ngodya zake zitapindika ndi thukuta, n'kukatambasula pa bondo. Dandaulo lake linali lomveka. Mwana anabayidwa katemera wa malungo katatu konse, pa miyezi isanu, isanu ndi umodzi, ndi isanu ndi iwiri, koma dzinja lapitali anatentha thupi usiku, atamuyeza pachala n'kumupeza nawo malungo omwewo. "Ndiye katemerayo ndi wa chiyani? Mwana analira pachabe."

Funsoli lili paliponse, ku Nsaru, ku Kabudula, m'ma minibasi a ku Mchinji. Vuto n'lakuti tinazolowera katemera wa chikuku, amene mwana akabayidwa nkhani imakhala ngati yatha. Wa malungoyu, dzina lake RTS,S, sali choncho, ndipo amene anamupanga sananenepo kuti ali choncho. Pamene ankamuyesa m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa kuyambira mu 2009, ana a ku Lilongwe anali nawo, kudzera ku UNC Project, ndipo anapeza kuti mwana akalandira kanayi, pa maulendo khumi amene akanadwala malungo amapulumukapo pafupifupi anayi. Asanu ndi umodziwo amadwalabe. Phindu lenileni linadzaoneka pambuyo pake. Pa 23 April 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kupereka katemerayu kusikelo, mwambo wake unachitikira ku Mitundu, kenaka Ghana ndi Kenya anatsatira. Atawerengera patapita zaka zinayi, anapeza kuti m'madera a katemera imfa za ana a msinkhu umenewo zatsika ndi 13 pa 100, ndipo ogonekedwa ndi malungo aakulu, aja okomola ndi kutha magazi, achepa ndi 22 pa 100. Mwana wa mtsikana uja anadwala, anamwa LA masiku atatu, lachinayi anali akuthamangitsa nkhuku. Mwina ntchito ya katemerayo inali yomweyo, kungoti ntchito yotere siioneka ndi maso.

Nditasuzumira m'kabukumo ndinaona kuti malo a jakisoni wachinayi, wa pa miyezi 22, ali mbee. Mwanayo anali atadutsa zaka ziwiri. Mayi wake anaseka mwamanyazi. Pofika msinkhu umenewo mwana amakhala akuyenda yekha, kumsana amalemera, kumunda kuli ntchito, ndipo ena amakhala ali kale ndi pathupi pena. Wachinayiyu ndi amene amaiwalika, pamene ndi amene amatalikitsa chitetezo.

Za ku Mitundu zija zinakhumudwitsa mayi wina. "Zonse ku Mitundu. Ife kuno tinalakwanji?" Wina anamutonthoza kuti jakisoni ndi mmodzimodzi, kumeneko kunangopita makamera.

Bambo wachikulire amene anabwera kudzatenga ufa wa akazi awo analowererapo ndi kulakalaka zakale. Iwo akuti malungo ankatha ndi chloroquine, uja wowawa ngati ndulu, woyabwitsa thupi lonse mpaka munthu kumakanda ndi chitsononkho. Ndinawauza kuti Malawi ndi amene anayamba kumusiya mu Africa muno, mu 1993, atasiya kugwira ntchito, n'kutenga Fansidar, ndipo LA anabwera mu 2007. Ndinalakwitsa kuwauzanso kuti mu 2005 madokotala ku Ndirande anapeza kuti chloroquine wayambanso kugwira, atapuma zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa tizilombo tomwe tinamuzolowera tinachepa. Bambo aja anaimirira ngati awina mlandu kwa amfumu. Zoti akangobwerera paliponse tizilomboto tingamuzolowerenso sanazimve, anali atakwera kale njinga.

Za masikito sindichedwapo, mukuzidziwa. Akuti amabweretsa nsikidzi, akuti amafooketsa abambo kuchipinda. Nsikidzi zinalipo agogo athu asanaone neti, ndipo za kufookazo ndaona kuti amazinena kwambiri ndi amene amafika kunyumba tambala woyamba atalira. Pakadali pano anapiye a kwa Njewa ndi mbande za tomato kudimba zikugona motetezeka kuposa ana ena.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Koma nkhani zachipatala zinanditsatira sabata yonse.

Pa bawo ku Nsaru, tsiku la msika, amuna anali pa jakisoni. Wakabaza wina wamva kuti kwabwera jakisoni wa Edzi, wobaya kawiri pachaka basi, ndipo iye anali atamaliza kale kuwerengera kuti makondomu apuma pantchito. Mnzake, akutakata mbali ina, anati ameneyo ndi jakisoni wolera yemweyo, angomusintha dzina kuti atimalize. Onse awiri anaphonya, ngakhale woyambayo anayandikirako. Jakisoniyo alipodi, dzina lake lenacapavir. Anamuyesa pa atsikana ndi amayi a ku South Africa ndi Uganda, ndipo zotsatira za mu June 2024 zinadabwitsa madokotala eni ake: mwa 2,134 amene anabayidwa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo. WHO inamuvomereza mu July 2025. Koma ndi woteteza amene alibe kachilombo. Sachiza, si katemera wobaya kamodzi n'kuiwala, saletsa mimba, ndipo chindoko ndi chinzonono sizimuopa. Wakabaza uja atamva zomalizazi anangoti, "Aa, ndiye n'zapakatikati," n'kubwerera pa nkhomo zake.

Chimene amuna a pa bawowo sankadziwa n'chakuti mkulu wake wa jakisoniyu, wobaya miyezi iwiri iliyonse, wotchedwa cabotegravir, anayesedwa ndi amayi a ku Lilongwe ndi Blantyre pamodzi ndi a maiko ena asanu ndi limodzi. Mu November 2020 zinadziwika kuti mwa obayidwa anatenga kachilombo ndi anayi okha, pamene mwa omwa mapiritsi anapitirira 30. Chifukwa chake si chakuti mapiritsi ndi abodza. Piritsi la tsiku ndi tsiku limafuna pobisa, ndipo m'nyumba ya chipinda chimodzi, mwamuna akalipeza, mlandu wake umafika kwa ankhoswe. Jakisoni sasiya botolo pansi pa mphasa.

Pamenepo mkulu wina amene anali chete nthawi yonseyi, chipewa chitaphimba maso, anafunsa funso limene limabwera nthawi zonse nkhani ya kafukufuku ikafika pakati. "Nanga magazi amene amatitengawo amapita nawo kuti?"

Musamuseke. Taganizani mmene zimaonekera munthu ali pakhonde pake. Galimoto yoyera yafika, atsikamo achinyamata ovala bwino ndi mabokosi ozizira. Akuwerengera chikalata cha masamba asanu, wadinda chala, akutenga magazi m'timabotolo titatu, akupatsa ndalama ya thiransipoti ngakhale sunakwere kanthu, apita. Zaka zikudutsa, osamvanso kalikonse. Amene anagulitsapo fodya kwa mavenda amadziwa kuti munthu akakupatsa ndalama n'kunyamula chako, ndiye kuti wagula. Mu 2017 maganizo otere anafika poipa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa, mpaka bungwe la United Nations linayamba lachotsako antchito ake. Kuno sizinafike pamenepo, koma mawuwo amanong'onedwabe. Ndipo boma ndi UNICEF atayesa mu March 2016 kuulutsa tindege topanda woyendetsa mu Lilongwe, kuti aone ngati tingamafikitse msanga ku labotale ya chipatala cha Central magazi a makanda oyezetsa HIV, opeka nkhani anangolandira mphatso. Ndege, magazi, makanda: chinatsala n'chiyani?

Ndinayankha mkuluyo mmene ndinathera. Kabotolo kamodzi ndi ngati supuni ya tiyi, pamene munthu wamkulu ali ndi malita asanu. Kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti, monga National Health Sciences Research Committee, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira popanda kumanidwa mankhwala kuchipatala. Kenaka ndinamuuza kumene ena mwa magaziwo anapita. Mabanja 1,763 a m'maiko asanu ndi anayi, ambiri ndithu a ku Lilongwe ndi Blantyre, amene mmodzi anali ndi kachilombo wina alibe, analowa m'kafukufuku wotchedwa HPTN 052. Mu 2011 zinapezeka kuti amene wayamba ma ARV msanga amachepetsa mpata wopatsira mnzake ndi 96 pa 100. Magazini ya Science inati pa zonse zimene asayansi anatulukira chaka chimenecho, chachikulu chinali chimenechi. Lero munthu akapezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike kaye, ku Kabudula ngakhale ku New York, ndipo mbali ina ya umboni wake inachokera m'mikono ya anthu okwera minibasi kupita ku Tidziwe, kumene kuli a UNC Project aja.

Mkulu uja anakankhira chipewa kumbuyo. "Ndiye bwanji sanabwere kudzatiuza?" Pamenepo ndinalibe choyankha chimene chikanamukhutitsa, ndipo ndikuona kuti mlandu anawina ndi iye. Pobwera kudzapempha, ofufuza amadzera kwa gogo chalo, kwa agulupu, kwa anyakwawa, pamakhala msonkhano pansi pa mtengo ndi Fanta. Zotsatira zikatuluka zimakalengezedwa ku hotela m'Chingerezi. Kumudzi zimafika patatha zaka, wapansi, zitadzera ku Area 25 kwa mchemwali wa wogulitsa zitumbuwa, zitathyoka mwendo panjira.

Ku Chitedze nkhani ndi ya mtedza, ndipo iyi ndiye ili pakhomo penipeni, chifukwa malo a kafukufuku wa zaulimi aja ali m'dera lomwe lino, ndipo a ICRISAT akhala akugwirako ntchito ya mtedza kuyambira m'ma 1980. Mavenda a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji amadandaula kuti ogula akuluakulu ayamba matama, akumabweza matumba ati muli poizoni, pamene mtedzawo ukuoneka bwinobwino. Poizoniyo ndi aflatoxin, wochokera ku chuku, ndipo vuto lake n'lomwelo: saoneka, sanunkha, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Akalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akachuluka nthawi imodzi amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anafa atadya chimanga chachuku.

Alangizi amaletsa kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuswa. Aliyense amavomera pamsonkhano, ndipo aliyense amawaza akafika kunyumba, chifukwa makoko ouma amatupitsa zala, komanso, tinene zoona, mtedza wonyowa umalemera pa sikelo. Koma chimene chinandikhudza anachinena ndi mayi wina amene ankasankha CG7 pa lichero, wofiira bwino uja kumanja, mphwephwa ndi wobooka kumanzere. Nditamufunsa kumene wa kumanzerewo ukupita, anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene dzuwa limalowera. "Nsinjiro. Nanga n'kutaya?" Wabwino ukupita kwa venda. Wotsalawo, umene chuku chimakondamo, ukupita m'phala la mwana.

Lachisanu ndinali pa maliro cha ku Nambuma. Malemuwo anali bambo wa mphamvu zake, wa ngolo ndi ng'ombe zinayi, amene anagwa akuchokera kudimba, mbali imodzi n'kuuma, pakamwa n'kupotoka. Kuseri kwa siwa nkhani inali itagamulidwa kale: anamumenya hamala. Amene anamenyayo ankadziwikanso, ngakhale dzina silinkatchulidwa, anthu ankangolozerana ndi milomo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, atakhala pa njerwa pafupi nane, anandinong'oneza kuti hamala imeneyo iye amaidziwa, imayezedwa pamkono ndi kachipangizo kofufuma.

Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la MEIRU linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 ndi kumidzi ya ku Karonga. Mwa anthu 4,096 amene anawapeza ndi BP yokwera, 58 pa 100 alionse sankadziwa. Mwa a shuga, 41 pa 100 sankadziwa. BP siimva kuwawa. Munthu amalima, amadya, amakwatira wachiwiri, mpaka tsiku limene mtsempha wa m'mutu waphulika kapena kutsekeka. Ndipo si matenda a mabwana okha monga timanenera, kumudzi aliko. WHO imati mchere usapitirire magalamu asanu patsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa pa chiwaya, wa m'usipa wouma ndi uja timathira tisanalawe n'komwe. Nsima ya pamaliropo itafika, ndinaona adzukulu akupatsirana mchere pa chikhatho, wina n'kudandaula kuti nyemba zazizira.

Chimodzi chokha ndinaona kuti chasinthadi. Posamba m'manja panalibe beseni lija loyenda kuchokera kwa amfumu mpaka kwa mwana womaliza, madzi atasanduka thobwa. Mnyamata ankathirira aliyense ndi jagi. Izi anatiphunzitsa ndi kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anagwira anthu pafupifupi 59,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, Lilongwe ali m'gulu la maboma ovutika kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Pamenepo sipanafunike wofufuza wochokera kunja. Anthu anaona okha mmene maliro amodzi ankaberekera ena atatu.

Za poliyo amayi akadali kuseka. Kamtsikana kena ka mu Lilongwe katapezeka ndi poliyo mu February 2022, woyamba m'dziko muno chichokereni 1992, ndipo kachilombo kake atakafufuza n'kupeza kuti n'kochokera ku Pakistan, odontheza katemera anayenda khomo ndi khomo maulendo osawerengeka, kupaka inki pa chikhadabo cha mwana ndi kulemba manambala ndi choko pa chitseko. Mayi wina wa ku Kabudula akuti chitseko chake chinafika pofanana ndi bolodi la Sitandade 4. Funso lake linali lakuti kachilomboko kanakwera chiyani kuchoka ku Pakistan, poti iye ngakhale ku Salima sanafikeko.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Namitete. Pafupi nane panakhala bambo wina amene kale anali wodzipereka woyendera odwala m'midzi pansi pa chipatala cha St Gabriel's, chija anachiyambitsa masisitere a ku Luxembourg mu 1959. Ataona achinyamata awiri akutsutsana za dokotala wa pa WhatsApp, anaseka n'kunena kuti za foni ndi chipatala zinayambira kwawo. Sanali kudzitama chabe. Mu 2008 mnyamata wa pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anafika pa St Gabriel's ndi laputopu imodzi ndi mafoni akale, n'kugawira odzipereka 75 kuti m'malo mopalasa njinga mtunda wautali kukanena kuti wodwala wafooka kapena wasiya mankhwala, azingotumiza uthenga. M'miyezi isanu ndi umodzi chipatala chinapulumutsa maola oposa 2,000 a antchito, ndipo chiwerengero cha odwala TB amene chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, lomwe linafalikira m'maiko ambiri. Bambo uja akuti chovuta sichinali kulemba uthenga. Chinali kuletsa akazi awo kuimbira abale a ku Kasungu ndi foni ya chipatala.

Tikuyandikira pa Msundwe ndinamva wina akundikoka malaya kumbuyo. Anali agogo a pachigayo aja, a fodya wamphuno, atanyamula kadengu ka ufa ndi nkhuni zomanga bwino. Akupita kuchidikiro, mdzukulu wawo ali kumeneko, mwezi wake ndi uno. Woyamba anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri ndipo sanakhalitse. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, chingamu chija unkanena. Dzina lake lija ndani?"

Ndinawakumbutsa kuti chimamata. Sanaseke. Ndinawauzanso kuti kwa mdzukuluyo nthawi yapita kale, amayi a m'kafukufuku ankayamba mimba isanafike pakati, ndipo kuti akafunse anamwino asanagule chilichonse.

"Ndamva. Alipo mng'ono wake, wakwatiwa chaka chino. Talemba."

Ndinang'amba kapepala kumapeto kwa nyuzipepala n'kulemba xylitol m'zilembo zikuluzikulu. Anakayang'ana mozondotsa, anakapinda kanayi, anamasula mfundo ya pa chitenje pamene panali ndalama yobwererera, n'kukamangira pamodzi. Kenaka anatsegula kabotolo kawo, anafwenkha kamodzi, n'kundiuza kuti iwo zimenezi siziwakhudza, poti mano anatha nthawi ya Kamuzu.

Kondakitala anamenya denga la minibasi. "Namitete otsika! Agogo, nkhunizo mulipira padera."